Ndudu imodzi imodzi ikutithera ana

Ine ndikuti palibe mwana amene amayamba fodya chifukwa chokoma. Ndudu yoyamba imatsamwitsa. Amayamba poona agogo akupichira chingambwe, kapena anzake akumuseka kuti ndi wamantha. Ndiye pa okala amagulitsa ndudu imodzi imodzi, pamtengo woti mwana wasukulu akwanitsa, osafunsa zaka.

Chomukanikitsa kusiya si chibwana ayi, ndi nikotini. Imafika ku ubongo m'masekondi ochepa, ndipo ikachepa m'magazi munthu amangokwiya, mtima osakhazikika. Akasuta nkumati fodya wachotsa nkhawa, chonsecho nkhawayo yabwera ndi fodya yemweyo.

Ena akuti tisanyoze fodya poti ndiye amabweretsa ndalama zakunja. Zoona. Koma fodya wogulitsidwa ku Kanengo ndi ku Limbe, wochuluka amapita kunja. Kuteteza mwana wa ku Ndirande sikupha mlimi wa ku Kasungu.

Mu 2023 boma linavomereza pangano la WHO lochepetsa kusuta. Tsono aphungu athu aonetsetse kuti ndudu sizikugulitsidwa kwa ana, ngakhalenso imodzi imodzi. Ufulu tinauvotera mu 1993 uja sunali wolemerera pa mapapo a ana athu.