Wojambula wa pa Masambanjati Aganize Kawiri Asanagule Kamera Yatsopano

Aliyense amene adafikapo pa Masambanjati, kumwera kwa boma la Thyolo, pa tsiku limene antchito a m'minda ya tiyi alandira malipiro, adamuonapo munthu wina woyenda mosathamanga pakati pa msika, kamera ili lende pachifuwa. Munthu ameneyu kujambula si ntchito imene amadyera. Kawirikawiri amakhala kalaliki wolemba makilogalamu a tiyi pa sikelo, mphunzitsi wa pa sukulu ya pulayimale, kapena telala wa pa khonde la sitolo. Kujambulako adangokukonda yekha, ndipo adakuphunzira mwa kuononga zithunzi zambirimbiri popanda womulangiza. Masiku ano ambiri mwa anthu otere mtima wawo uli pa chinthu chimodzi, ndicho kusiya kamera yakale ndi kugula yatsopano. Maganizo amenewa si oipa, koma afunika kuwapenda mofatsa, pakuti ndalama zake n'zambiri, ndipo chimene chili pachiswe n'chachikulu koposa ndalamazo.

Moyo wa wojambulayu umatsata nyengo ya tiyi. Mvula ikagwa, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, tiyi amaphukira mwamphamvu, maesiteti amalemba anthu ambiri aganyu ndipo ndalama zimayenda. Pamenepo mnyamata amene wagula malaya ndi malipiro ake oyamba amafuna chithunzi choti atumize kwa makolo ake. Chilimwe chikafika aganyu amachepa, koma ndiyo nyengo ya maukwati, zinamwali ndi kumanga ziliza. Loweruka wojambulayu amakhala pa ukwati wa mpingo wina, Lamulungu pa ukwati wa a Seventh-day Adventist, amene ndi ochuluka m'derali kamba ka mishoni ya Malamulo imene idayamba m'chaka cha 1902. Lolemba m'mamawa ali kale pa sikelo kapena m'kalasi, miyendo ikuwawa chifukwa chokankha njinga m'zitunda za kumeneko. M'chikwama mwake simulephera kupezeka zithunzi za anthu amene adalonjeza kuti adzatenga pa malipiro, koma malipiro adadutsa katatu iwo osaoneka. Phindu lake, kunena zoona, nthawi zambiri limangokwanira sopo ndi mchere.

Amene adayamba kujambula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amakumbukira mavuto ena. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 24 kapena 36 basi, ndipo ikatha ankaipereka kwa munthu wopita ku Limbe kapena ku Blantyre kuti akaitsukitse. Mkwati ankadikira milungu iwiri kapena itatu asanadziwe ngati adatsinzina kapena ayi. Chifukwa chakuti chithunzi chilichonse chinali ndalama, wojambula ankayamba wayang'ana kumene kuli dzuwa, kukonza kolala ya mkamwini, kuchotsa mbuzi kumbuyo, kenaka n'kudina kamodzi. Nyengo imeneyo idatha. Kampani ya Kodak, imene katswiri wake Steven Sasson adapanga kamera yoyamba yosafuna filimu m'chaka cha 1975, idagwa yokha m'mavuto a ngongole m'chaka cha 2012 anthu atasiya kugula filimu. Tsopano pafupifupi pa mwambo uliwonse pamakhala mafoni ojambula, ndipo mwana wa sitandade 8 amatha kujambula zithunzi 100 nsima isanapse.

Apa ndi pamene padachokera njala ya kamera yatsopano. Wojambula wa pamudzi amachita manyazi pamene mlamu wa mkwati wochokera ku Joni atulutsa foni yonyezimira, kapena pamene eni ukwati aitanitsa mnyamata wa ku Limbe wonyamula chikamera chachikulu. Akabwerera kunyumba amayamba kuiona kamera yake ngati chinthu chachabechabe, chonsecho dzulo lomwe idajambula bwinobwino. Manyazi oterewa ndi omveka. Komatu manyazi si chifukwa chokwanira chogulitsira mbuzi.

Ogulitsa makamera amakonda kutchula mamegapikiseli, ndipo ogula ambiri amangogwedeza mutu osafunsa. Chithunzi cha masiku ano chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono, ndipo megapikiseli imodzi ndi timadontho 1,000,000. Kuti chithunzi cha masentimita 10 m'lifupi ndi 15 m'litali, chimene anthu ambiri amagula, chituluke chooneka bwino kwambiri, chimafuna mamegapikiseli ongopitirira pang'ono 2. Chachikulu ngati pepala la mu ofesi la A4, choti n'kupachika pakhoma, chimafuna pafupifupi 9. Tsono kamera ya Canon EOS 550D imene idatuluka m'chaka cha 2010 ili ndi 18, ndipo Nikon D3100 ya chaka chomwecho ili ndi 14. Ndiye kuti munthu amene akusiya kamera yotere pofuna ya mamegapikiseli 30 akulipira timadontho timene palibe kasitomala wake ndi mmodzi yemwe amene adzatione. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Izi sizitanthauza kuti kamera yatsopano ilibe ntchito. Pali malo amene kamera yakale imalepheradi, ndipo wojambula woona mtima amawadziwa. Matchalitchi ambiri a kumidzi ali ndi mazenera aang'ono, kotero kuti pa nthawi yovekana mphete nkhope zimatuluka zakuda kapena zosaoneka bwino. M'miyezi yozizira chiperoni chimaphimba mapiri a Thyolo kwa masiku angapo, dzuwa osaoneka. Ndiponso gule wa tchopa, amene bungwe la UNESCO lidamulemba m'chaka cha 2014 pa mndandanda wa miyambo yofunika ya anthu a pa dziko lonse, savinidwa moimirira malo amodzi kuti wojambula akonzeke. Makamera atsopano amaona bwino mu mdima ndipo amagwira msanga munthu wothamanga. Amene zithunzi zake zikuonongeka pa zifukwa izi ali ndi mlandu womveka, ndipo mkazi wake ayenera kumumvera.

Ngakhale zili choncho, pali njira yachidule imene ambiri saidziwa. Chimene chimalowetsa kuwala m'kamera ndi lenzi, galasi la kutsogolo lija. Lenzi imene imabwera pamodzi ndi makamera otsika mtengo, ikakokedwa mpaka kumapeto, imatseguka pang'ono chabe, pa mlingo wolembedwa kuti f/5.6. Lenzi yaing'ono ya mamilimita 50 yolembedwa f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kamera yathunthu. Kalaliki amene angagule lenzi yotereyi, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, adzapeza kuti tchalitchi chija chawala popanda kusintha kamera.

Amene watsimikiza mtima kugula yatsopano awerengenso zotsatira zake, pakuti walira mvula walira matope. M'chaka cha 2018 makampani a Canon ndi Nikon adatulutsa mitundu yatsopano ya makamera opanda kalilole m'kati, yotchedwa EOS R ndi Z. Malenzi akale salowa pa makamera amenewa popanda kachipangizo kolumikizira, kamene kamagulidwa padera. Makamera opanda kalilole amathanso batire msanga, ndipo pa malo amene magetsi ali kutali kapena azima, batire lachiwiri si chinthu chongodzisangalatsira. Zonsezi zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo idatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti amene ankasunga pang'onopang'ono adaona mtengo ukumuthawa ali chipenyere. Ena zikatero amathamangira katapila, poganiza kuti maukwati awiri adzabweza ngongole. Maukwati awiri sadabwezepo ngongole ya kamera. Banki m'khonde ndi yabwinoko, koma nayonso imafuna kubweza pa tsiku lake, ngakhale pa mwezi umene tiyi sakuthyoledwa. Ndipo kamera yodula ikasungidwa m'nyumba yachinyezi nthawi ya dzinja, lenzi yake imachita chuku mofanana ndi ya kamera yotsika mtengo. Chitini chotsekeka bwino, chokhala ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'makatoni a nsapato, chimateteza chuma chimenechi.

Koma nkhani yaikulu ili pa zimene zimachitika chithunzi chitajambulidwa. Mbiri ya dziko lino ili ndi phunziro pa zimenezi. Mungo Murray Chisuse, amene ambiri amamutcha Mmalawi woyamba kudziwika pa luso la kujambula, ntchito yake inali yosindikiza mabuku pa Mishoni ya Blantyre, ndipo adakaphunzirako ku Edinburgh, ku Scotland. Kamera za nthawi yake zinali zolemera ndi zochedwa, zoti mwana wa lero angaziseke. Komabe iyeyu adajambula John Chilembwe ndi banja lake. M'chaka cha 1915 Chilembwe adaphedwa ndipo tchalitchi chake cha ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, chidagwetsedwa, koma zithunzi zidatsala chifukwa zidali papepala ndipo padali anthu ozisunga. Pamene nkhope ya Chilembwe idayamba kuoneka pa ndalama za dziko lino m'chaka cha 1997, padalibe chifukwa choipeka.

Tiyi wakhala akulimidwa ku Thyolo kwa zaka zoposa 100. Esiteti ya Satemwa yokha idayamba m'chaka cha 1923. M'zaka zonsezi minda imeneyi yajambulidwa kosawerengeka, pakuti ndi yokongola, ndipo zithunzi zake zimapezeka m'makalendala ndi m'mabuku a alendo. Koma owerenga akaziyang'anitsitsa adzaona kuti wothyola tiyi amaonekamo kawirikawiri ali chowerama, dengu lili kumsana, nkhope yobisika, dzina palibe. Mlendo wojambula amafuna kubiriwira kwa munda, ndipo munthu amangokhala chokometsera. Amene amajambula mayi yemweyo ataima chilili, atavala chitenje chake cha chigwirizano cha amayi, mwana wake ali pambali ndi satifiketi m'manja, ndi kalaliki wa pa Masambanjati uja. Iyeyo amadziwa dzina la mayiyo, mudzi wake ndi chaka chimene adayamba ntchito. Mlendo sangazidziwe zimenezi ngakhale kamera yake itadula motani.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zithunzi za masiku ano, ngakhale n'zochuluka, zikutayika msanga kuposa za filimu. Zimakhala m'kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo, kapena m'foni imene mawa idzagwa m'madzi, kubedwa kapena kugulitsidwa pofuna fetereza. Khadi ikadzaza, wojambula amafufuta ukwati wa chaka chatha kuti ajambule wa lero. Mphepo yamkuntho ya Freddy itagwetsa nyumba m'maboma a kumwera mu Malichi 2023, kuphatikizapo Thyolo, mabanja ena adataya zonse zimene zinali m'nyumba, ndipo chithunzi cha womwalira chikadatha kupezeka kwa wojambula yekha ngati iye adasunga. Ngakhale maonekedwe a dziko amasintha. Dera limeneli lidatchuka ndi nthochi, koma matenda a chisaka adaononga minda yambiri, ndipo ana obadwa pambuyo pake adzafuna kuona mmene zigwa zinkaonekera pamene malole ankabwera kudzanyamula mikoko. Motero mwa ndalama zonse zimene munthu wasungira kamera, gawo lina liyenera kupita ku kutsukitsa zithunzi zosankhidwa, kugula buku lozimatamo ndi chosungira china chachiwiri chokasiya kwa mbale wa mudzi wina. Kamera yotsikirapo mtengo yokhala ndi zinthu izi iposa yapamwamba yopanda izi.

Wojambula akumbukirenso ulemu. Minda ya tiyi ili ndi eni ake, ndipo wofuna kujambula m'menemo apemphe chilolezo kwa oyang'anira. Wothyola tiyi nayenso ali ndi ufulu wokana kujambulidwa ali thukuta lokhalokha, ndipo chithunzi cha munthu sichiyenera kumwazidwa pa WhatsApp mwini wake asadavomere.

Pamenepa atsogoleri a m'madera ndi ogwira ntchito za Boma ali ndi mbali yawo. Pakatsegulidwa mjigo, mlatho kapena chipinda chophunziriramo, wojambula wa pamudzi amaitanidwa, koma pa nthawi yolipira ena amamuuza kuti adathandiza chitukuko. Amene waphika amalipidwa, wa zokuzira mawu amalipidwa, ndiye wojambula walakwanji? Chizolowezi chimenechi ndicho chimodzi mwa zimene zimam'kankhira kwa a katapila. Mphunzitsi wamkulu, mlangizi wa chitukuko ndi mlembi wa mfumu akhoza kuikiratu kandalama ka zithunzi pa mwambo uliwonse, ndi kufuna kuti ziwiri kapena zitatu zitsukidwe n'kusungidwa mu ofesi. Ku Zomba kuli nyumba yosungiramo mbiri ya dziko ya National Archives, ndipo ku Mandala House mu mzinda wa Blantyre bungwe la Society of Malawi limasunga zithunzi zakale, koma malo amenewa sangasunge zimene sizidawafike. Buku limodzi m'kabati ya sukulu ya pa Masambanjati ndi poyambira pokwanira, malinga kuseri kwa chithunzi chilichonse kulembedwe ndi pensulo mayina a anthu kuyambira kumanzere, mudzi wawo, tsiku ndi chaka, ndiponso dzina la amene adajambula.