Makiyi a bizinesi yanu ali m'thumba la yani?

Pa 21 February 2024, Lazarus Chakwera, yemwe panthawiyo adali mtsogoleri wa dziko lino, adauza aphungu ku Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zathyola makina osindikizira mapasipoti ndipo zikufuna dipo. Apo n'kuti patadutsa masabata nthambi ya Immigration isakutulutsa mapasipoti. Ena adatsutsa, amvekere panalibe mbava, koma mkangano chabe pakati pa boma ndi kampani yomwe idakhazikitsa makinawo. Kaya zoona ndi ziti, chomwe tonse tidaona n'chakuti boma lidapezeka lili pakhonde la nyumba yake yomwe, makiyi ali ndi wina.

Ku Mwanza nkhaniyi sitidachite kuimvera pa wailesi. Mabasi opita ku Joni amadutsa pano, ndipo mayi wa geni kapena dalaivala wa thiraki amene pasipoti yake idatha m'miyezi imeneyo adangokhala chete pakhomo, ngongole ikukwera. Tidalitukwana boma, ndipo lidayeneradi. Koma inu eni mabizinesi a pa boda, amene mudakweza mawu kuposa aliyense, m'maofesi mwanu zinthu zili bwino kuposa ku Immigration?

Talowani mu ofesi ya ejenti wokiliya katundu. Kompyuta ndi imodzi, ndipo anthu anayi amalowa mu ASYCUDA, makina a MRA aja, pa dzina la munthu mmodzi. Pasiwedi idalembedwa ndi bolopeni kuseri kwa kalendala, ndipo sidasinthidwepo chiyambire kampani. Ma invoice, makope a mapasipoti a madalaivala, ziphaso za unzika za makasitomala, zonse zimayenda pa WhatsApp, n'kukhala m'foni ya mnyamata wothamanga ndi mapepala pakati pa ofesi ndi chipata. Printer ikavuta, mnyamatayo amatenga flash n'kukasindikiza pa shopu ya mapepala, pa kompyuta yomwe kutacha alumikizapo kale ma flash a anthu osawerengeka. Tsiku lomwe adzakangane ndi abwana pa nkhani ya malipiro, adzanyamula foni yake n'kukwera basi, ndipo imelo ya kampani idzapita naye limodzi poti idatsegulidwa pa nambala yake.

Abwana mukawafunsa za chitetezo cha makompyuta amayankha kuti zimenezo n'za mabanki a ku Blantyre, ife tili ndi chiyani choti munthu abe. Muli nazo zambiri. Amene wagwira imelo yanu amadziwa kasitomala amene watsala pang'ono kulipira komanso kuchuluka kwa ndalamazo. Amangomulembera m'dzina lanu kuti akaunti ya kubanki yasintha, atumize ku yatsopanoyi. Ndalama zikapita, katundu amakhalabe pa boda, ndalama zolipirira kuchedwa kwa thiraki zikuwerengedwa tsiku ndi tsiku, ndipo kasitomala amaloza chala inuyo.

Atsizinamtole ambiri a kwathu kuno safuna n'komwe luso lapamwamba. Amaimba foni n'kunena kuti ndi a ku Airtel Money kapena TNM Mpamba, kapena kuti atumiza ndalama molakwitsa, chonde bwezani. Bungwe la MACRA lidanenapo kuti Amalawi amaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni pamwezi kudzera m'chinyengo cha pa foni, ndipo kangapo konse zamveka kuti ena mwa oimba mafoniwo ndi akaidi a kundende ya Zomba. Mtsikana amene mudamuika pa kawuntala ya ndalama za pa foni, mudakhalapo naye pansi n'kumuuza kuti wa ku kampani weniweni safunsa PIN? Kapena mumangodikira tsiku lomwe ndalama zidzasowe kuti mumudule malipiro?

Tisaiwalenso kuti kuba kwa pa kompyuta komwe kudagwedeza dziko lino kwambiri kudachitidwa ndi anthu a m'kati. Pa Cashgate mu 2013, ogwira ntchito m'boma ankalowa mu IFMIS, makina a boma oyendetsera ndalama, kulipira makampani omwe sadagwire ntchito iliyonse, kenako n'kufufuta umboni wa malipirowo m'makinamo. Mabiliyoni adapita. Kumene anthu amabwerekana pasiwedi, zikavuta simungadziwe amene adadina batani. Kulemba ntchito mwana wa achemwali anu sikuthetsa vutoli. Kumangochititsa kuti ndalama zikasowa nkhani ikathere kwa ankhoswe m'malo mwa kupolisi.

Apa ndi pomwe pagona nkhani: anthu. Dziko lino lili ndi achinyamata odziwa ntchito imeneyi. Ku MUST, ku Thyolo, amaphunzitsa za chitetezo cha makompyuta, ndipo ku MUBAS ndi m'sukulu zina kumatuluka odziwa makompyuta chaka ndi chaka. Ochenjera kwambiri amatengedwa ndi mabanki ndi makampani a mafoni. Ena amagwirira ntchito makampani akunja ali m'nyumba zawo ku Lilongwe, n'kumalandira madola, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, palibe wa nzeru zake amene angasiye madola chifukwa cha malipiro a pa Mwanza. Otsalawo ndiwo timawatcha "mnyamata wa makompyuta". Timamuitana ngati waganyu makina akazima, kumupatsa ya basi, n'kumusiyira mapasiwedi onse osadziwa n'komwe kumene amagona. Mlonda wa usiku mumamulemba m'buku la malipiro, koma amene akudziwa njira yolowera ku akaunti yanu ya kubanki mumamulipira ndi botolo la Fanta.

Ndikudziwa yankho lake: bizinesi yavuta, madola akusowa, mafuta akusowa, ndalama zolembera katswiri zichokera kuti? Ndi dandaulo lomveka, koma likubisa ulesi. Zambiri zofunika sizilira ndalama. Wantchito aliyense akhale ndi dzina ndi pasiwedi yake, ndipo tsiku lomwe wasiya ntchito zitsekedwe dzuwa lisanalowe. Imelo ndi nambala za kampani zilembetsedwe m'dzina la kampani. Uthenga wonena kuti akaunti yasintha usakhulupiriridwe mpaka wina ataimba foni pa nambala yakale yodziwika. Izi sangalamule mnyamata wa ganyu uja. Angalamule ndi mwini bizinesi yekha, ndipo ayambe ndi iye mwini kuzitsata, chifukwa kawirikawiri wouza mlembi pasiwedi mokuwa ali pa khomo amakhala abwana omwewo. Pa za katswiri, ma ejenti, eni malole ndi eni malo ogona alendo a pa Mwanza amadziwa kusonkha ndalama pakagwa maliro kapena pakafunika kukadandaula ku MRA. Chingawakanike n'chiyani kusonkherana malipiro abwino a katswiri mmodzi woti aziyendera maofesi awo onse, n'kumaphunzitsa antchito?

Malamulo alipo. Pali Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, komanso Data Protection Act la 2024 lomwe limaika udindo pa aliyense wosunga mbiri za anthu ena kuti azisamale, ndipo makope a mapasipoti ali m'foni ya mnyamata wothamanga ndi mapepala uja ndi mbiri zoterozo. Chokhumudwitsa n'chakuti lamulo la 2016 timalimva kwambiri apolisi akamanga munthu chifukwa cholemba zonyoza akuluakulu pa Facebook kapena pa WhatsApp. Wogulitsa manachesi wa kwa Kanduku akaberedwa ndalama za nyengo yonse pa foni, liwiro lomwelo silioneka. Choncho musadalire kuti boma lidzakuthamangirani.

Ndipo ngakhale mutakonza za m'nyumba mwanu, makina a ena adzazimabe. Mu July 2021 mbava zidagwira makompyuta a Transnet ku South Africa, ntchito pa doko la Durban n'kusokonekera kwa masiku angapo, ndipo mbali ina ya katundu wodutsa pa chipata cha Zobue kulowa Mwanza amachokera kumeneko. Wochita bizinesi pa boda ayenera kudziwiratu chomwe adzauze kasitomala ndi dalaivala makina akadzazima sabata yathunthu, komanso komwe kuli makope a mafayilo ake. M'maofesi ambiri a pano, mafayilo a zaka zonse ali pa kompyuta imodzi yomweyo, ndipo makope ake ali pa flash yomwe mnyamata wa mapepala uja amayenda nayo m'thumba la buluku.