MABOMA AWIRI M'TAUNI IMODZI

Pakamwa pa anthu a kuno liu loti boma limasenza katundu wambiri. Wodula tikiti pamsika wa ku Mandimba ndi boma, woyeza puloti ku Cuamba ndi boma, mfumu ikavala yunifolomu nayonso akuti ndi boma. Koma m'mabuku a malamulo, amene analembedwa m'Chipwitikizi, amenewa ndi makomo osiyana, ndipo wogogoda pa khomo lolakwika amangotha nsapato, mwinanso ndalama zomwe.

Ku Cuamba ndi ku Mandimba kuli maulamuliro awiri. Woyamba ndi wa distrito, umene mutu wake ndi administrador. Bwana ameneyu savoteredwa, amachita kuikidwa ndi boma la ku Maputo. Pansi pake pali chefe do posto, monga wa ku Lúrio ndi ku Etatara m'distrito ya Cuamba kapena wa ku Mitande m'distrito ya Mandimba, ndipo pansi pa ameneyo pali chefe da localidade. Malamulo aakulu a dziko atakonzedwa mu 2018 panalembedwa kuti pofika 2024 madistrito nawonso adzachita chisankho, koma mu 2023 nyumba ya malamulo inafufuta chakacho.

Ulamuliro wachiwiri ndiwo município, umene lamulo limautchanso autarquia, kutanthauza dera lodziyendetsera zinthu zake kudzera mwa anthu osankhidwa ndi eni dera. Unabwera ndi lamulo la nambala 2/97, ndipo chisankho choyamba chinachitika pa 30 Juni 1998 m'matauni 33. Chipani cha Renamo chinanyanyala, ndipo mwa anthu 100 alionse olembetsa anakavota anali 15 okha, mwinanso osakwana. Cuamba inalowa nthawi imeneyo pamodzi ndi Lichinga ndi Metangula. Mandimba inadikira mpaka 2013. Pa chisankho cha 2023 matauni otere anafika 65, koma Ngauma munalibemo, kotero munthu wa ku Massangulo sanavoterepo mtsogoleri wa tauni yake.

Município satenga distrito yonse ai, ali ndi malire ake. Mlimi wa ku Lúrio akabwera ndi nyemba zake kudzagulitsa pamsika wa mu Cuamba amalipira taxa ya msika ku município, koma tsiku losankha atsogoleri a município yemweyo iye alibe voti. Lamulo likutero, ngakhale kuti kwa wolipirayo n'zowawa ndithu.

Chisokonezo chachikulu chili pa liu loti vereador. Anthu a m'malire muno, amene amamvera mawailesi a ku Malawi ndi kuoloka pa Chiponde ngati akupita kudimba, amangoti vereador ndiye khansala. Si choncho. Khansala wa ku Malawi amasankhidwa ndi anthu a m'wodi yake, ndipo akalephera ntchito anthu omwewo amamugwetsa pa chisankho chotsatira. Vereador sasankhidwa ndi anthu. Amamutola ndi Presidente wa Conselho Municipal, amene anthu amamutcha meya, namupatsa gawo loti ayang'anire, kaya misika, kaya misewu ndi zomangamanga, kaya chuma. Amene anamuika ndiye angamuchotse. Osankhidwa ndi anthu ndi mamembala a Assembleia Municipal, koma nawonso salowa ndi dzina la bairro yawo, amalowa pa mndandanda wa chipani kapena wa gulu la nzika. Tsono mlatho wa m'bairro ukaguga, palibe munthu mmodzi amene anthu angamuloze chala kuti uyu ndiye wathu tinamutuma. Apa dongosolo la kuno likuperewera, ndipo n'chifukwa chake madandaulo ambiri amangothera kwa secretário wa bairro, amene alibe thumba la ndalama.

Ngakhale meya amene, kasankhidwe kake kanasintha. Kale anali ndi pepala lakelake lovotera, ndipo mpando ukatsala wopanda munthu pankachitika chisankho chapadera chotchedwa intercalar. Anthu a ku Cuamba akuchidziwa bwino chifukwa anachichita kawiri, mu Disembala 2011 meya atatula pansi udindo, ndi mu Disembala 2014 wolowa m'malo mwake atamwalira. Kuyambira 2018 munthu amavotera mndandanda, ndipo amene dzina lake lili pamwamba pa mndandanda wopambana, cabeça de lista, ndiye amakhala meya. Chaka chomwecho maina anasinthidwa kukhala Conselho Autárquico ndi Assembleia Autárquica, koma pakamwa pa anthu município sanachoke.

Ntchito ya Assembleia ndi kuvomereza bajeti ndi ma postura, amene ndi malamulo ang'onoang'ono a m'tauni: malo ogulitsira malonda, kotaya zinyalala, za mbuzi ndi nkhumba zongoyendayenda. Wophwanya postura amalipira multa, ndiye kuti chindapusa, ndipo ayenera kulandira risiti. Misonkhano ya Assembleia ndi yapoyera, munthu wamba ali ndi ufulu wokakhala pansi n'kumvetsera.

Pa msonkho wa mutu palinso maina awiri. Wokhala kunja kwa município amakhoma Imposto de Reconstrução Nacional. Wokhala m'kati, wa zaka 18 mpaka 60, amakhoma Imposto Pessoal Autárquico, umene lamulo linauika m'malo mwa woyamba uja. Munthu mmodzi sayenera kukhoma yonse iwiri m'chaka chimodzi, choncho amene ali ndi nyumba m'tauni ndi munda kumudzi asunge risiti lake pouma.

Nkhani yoopsa kwenikweni ndi ya malo. Lamulo la malo la 1997 linanenetsa kuti nthaka ndi ya dziko, sigulitsidwa. Chimene munthu amakhala nacho ndi DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malowo ndi kudyerera phindu lake. Nyumba, mitengo ya mango ndi chitsime zingagulitsidwe, koma dothi ai. Ufulu umenewu lamulolo linaupereka m'njira zitatu: kukhala pamalo potsata mwambo wa makolo, kukhalapo mosabisa ndi mopanda chinyengo kwa zaka zosachepera 10, kapena kupempha kwa olamulira. Linanenanso kuti kusowa pepala sikuchotsa ufulu wa anthu a njira ziwiri zoyambazo, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, ndi wololedwa. Amai amasiye ambiri sadziwa zimenezi, amangosamuka akaona mlendo atanyamula pepala la chidindo.

Kumene pepalalo lichokera n'kofunika. M'dera la tauni limene lili ndi pulani ya mamangidwe, mphamvu yopereka DUAT lamulo la 1997 linaipereka kwa meya. Kunja kwa malire a município pempho limadzera ku maofesi a distrito ndi a chigawo, ndipo anthu a m'mudzi ayenera kufunsidwa kaye pa msonkhano wotchedwa consulta comunitária. Régulo ndi secretário, amene boma linawazindikira ndi Decreto 15/2000, mau awo amamveka pa msonkhanowo ndipo kalata yawo ndi umboni wabwino. Koma kalatayo si DUAT, ngakhale itakhala ndi zidindo zitatu.