Za Iwo Akuti Maganizo Alenga Dziko

Abale ndi alongo a m'mipingo ya kuno ku Phalombe, chafika pakati pathu chiphunzitso china chimene sichidadzere pa msewu wa ku Chitakale kapena wa ku Jali, koma chilowera m'mafoni a ana athu, ndipo tsopano chayamba kumveka ndi pa maguwa ena. Chiphunzitsocho chiti dziko lino limvera mutu wa munthu; chimene munthu aganiza ndi kuchinena kolimba, chomwecho chidzakhala. Ukaganiza chuma, chuma chidza. Ukadwala, wadziitanira wekha nthendayo ndi maganizo ako ofooka. Buku la Rhonda Byrne lotchedwa The Secret, limene lidatuluka m'chaka cha 2006, ndilo lidafalitsa mawu otere kwa anthu ochuluka. Ndipo pofuna kutseka pakamwa anthu a kumudzi, aphunzitsi ake aitana mboni zitatu zakutali zimene ayesa kuti ife sitingathe kuzifunsa. Ati akatswiri a fizikisi adatsimikiza. Ati Buddha adanena kalekale. Ati anzeru a ku Ulaya ofufuza za mtima wa munthu avomereza. Ine nditi mboni zitatuzi azinamizira, ndipo ndifuna tizimve monga achita akulu pabwalo la milandu.

Mboni yoyamba ndi fizikisi, ndiwo maphunziro a kuwala, kutentha ndi kayendedwe ka zinthu. Akatswiri ake adapeza kuti mwala, madzi ndi thupi lathu lomwe zipangidwa ndi tinthu tating'onoting'ono totchedwa maatomu, ndi kuti m'kati mwa atomu muli tina tochepa koposa. Tinthu timeneti tichita zodabwitsa ndithu. M'chaka cha 1927 Werner Heisenberg wa ku Germany adaonetsa kuti munthu sangathe kudziwa bwinobwino, nthawi imodzi yomweyo, pamene kanthu kotere kali ndiponso m'mene kathamangira. Ukalondola kudziwa chimodzi, chinacho chikupulumuka. Adapezanso kuti kuyesa kanthuko kusintha machitidwe ake. Apa ndi pamene aphunzitsi athu aombera m'manja, nati: Mwamva? Woyang'ana ndiye alenga! Koma safunsa adadya phula. Woyang'ana amene atchulidwa m'mabuku a akatswiriwo ndi chipangizo choyesera, chagalasi kapena chachitsulo, chimene chikhudzana ndi kanthuko. Ndipo chilemba zotsatira zake zomwezo ngakhale mwini wake atatseka chitseko napita kukagona. Sichifunsa ngati iye ali wokondwa kapena wosweka mtima. Zoona, adalipo katswiri wamkulu, Eugene Wigner, amene m'chaka cha 1961 adalingalira kuti kapena mtima wa munthu uli ndi gawo pamenepo. Koma pambuyo pake iye mwini adawasiya maganizowo, ndipo ichi aphunzitsi athu sachitchula. Ndiponso zodabwitsazo zioneka pa tinthu tating'ono totetezedwa bwino. Chinthu chachikulu ngati mwala, chimene chikhudzidwa ndi mpweya ndi dzuwa kosaleka, chigwa monga miyala idagwera chiyambire. Foni yomwe imene ibweretsa chiphunzitsochi idapangidwa ndi nzeru za fizikisi yomweyi, ndipo batire yake ikatha ithima m'manja mwa wokhulupirira ndi mwa wokayika chimodzimodzi.

Mboni yachiwiri ndi Buddha, dzina lake Siddhartha Gautama, amene adabadwira ku Lumbini m'dziko la Nepal zaka ngati 500 Ambuye wathu asanabadwe, naphunzitsa kumpoto kwa India. Ife Akhristu sitimtsata. Pakuti iye adati mwa munthu mulibe mwini wokhalitsa, pamene ife tikhulupirira kuti Mulungu adziwa munthu aliyense ndi dzina lake, nadzamuukitsa. Koma kusiyana naye sikutipatsa ufulu womunamizira. Muzu wa chiphunzitso chake ndi wakuti zonse zipita, ndi kuti masautso a mtima abadwa m'chilakolako chosakhuta. Tsono taonani manyazi ake: munthu amene adasiya nyumba yachifumu nayenda ndi mbale yopemphera chakudya, lero amuimika mboni ya iwo ofuna galimoto ndi ndalama mwa kungoganiza! Otsatira ake asimba za mayi wina, Kisa Gotami, amene adadza kwa iye atanyamula mwana wake wakufa, napempha mankhwala. Buddha adamtuma akapemphe njere za mpiru ku nyumba imene simudafepo munthu. Mayiyo adayenda khomo ndi khomo osaipeza nyumba yotere, ndipo pamenepo adazindikira kuti imfa ili ya onse, nakaika mwana wake. Kodi mphunzitsi wokhulupirira kuti maganizo alenga dziko akadatero? Akadamuuza mayiyo kuti aganize kolimba mwanayo adzuke. Ndipo sitifunika kupita ku India kuti tione ichi. Ku Mapanga, kufupi ndi Limbe, kuli malo olerera ana amasiye a Amitofo, amene adayambitsidwa ndi Hui Li, mphunzitsi wa Chibuddha wa ku Taiwan. Iwowa ataona ana anjala adamanga nyumba naika miphika pamoto.

Mboni yachitatu ndi Edmund Husserl, amene adamwalira m'chaka cha 1938. Iye adalangiza kuti munthu adekhe, ayang'anitse m'mene zinthu zionekera kwa iye mwini asanathamangire kuzimasulira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene adapeza n'chakuti kuzindikira kulikonse ndi kuzindikira kanthu: uona mtengo, umva kulira, ukumbukira m'bale. Mayi wochokera ku mjigo adziwa kuti chigubu cha malita 20 chilemera mosiyana m'mawa ndi madzulo atatopa, ndipo kulemera kumene akumva n'koona, sikwabodza. Koma mukachiika pa sikelo mudzapeza makilogalamu 20 a madzi m'mawa ndi madzulo omwe.

Pali chinthu chimodzi chachikulu chimene akatswiri avomereza kuti sadachimasule. Adziwa njira za m'bongo, nathanso kuona mbali imene igwira ntchito munthu akamva kupweteka. Koma chifukwa chake nyama ya m'mutu imva kuwawa kwa tsabola kapena chisoni cha pamaliro, m'malo mongogwira ntchito ngati chigayo, ili ndi funso limene David Chalmers m'chaka cha 1995 adalitcha lovuta, ndipo likali lovutabe. Chifukwa cha funso lomweli Dalai Lama wa ku Tibet adayamba m'chaka cha 1987 kukhala pansi ndi akatswiri a sayansi monga Francisco Varela, ndipo iye adanena poyera kuti sayansi ikatsimikiza kuti mfundo ina ya Chibuddha njolakwa, mfundoyo iyenera kusiyidwa. Anthu amene adathera moyo wawo pa funsoli alankhula modzichepetsa chotero. Koma mlaliki amene adamva za atomu dzulo pa foni walowa m'mpata umenewu ngati fisi m'khola losatseka, nati zonse zadziwika.

Tsono tibwere kwathu, pakuti ife a pansi pa Michesi tili ndi mboni imene aphunzitsiwa sadaiitane. M'mwezi wa Marichi 1991 mvula idagwa kwambiri pa phirilo, dothi la m'matsitso lidakhuta madzi nilekana ndi thanthwe la pansi pake, ndipo lidatsika m'zigwa pamodzi ndi miyala ndi mitengo, nilikwirira nyumba, minda ndi anthu mazanamazana. M'mwezi womwewo wa 2023 namondwe Freddy adachitanso chomwecho kuno, ku Mulanje, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre, ndipo akufa pamodzi ndi osowa adapitirira 1,000. Makolo athu adachitcha chinthuchi Napolo, monga adachitcha ku Zomba m'chaka cha 1946. Ndipo ngakhale ife tidziwa tsopano kuti ndi madzi ndi dothi, makolowo adalondola pa ichi, kuti adachiyesa chinthu cha kunja kwa munthu, choyenera kuchithawa.

Ngati maganizo alenga dziko, atiuze aphunzitsiwa: kodi makanda amene adafera kumsana kwa amawo adaganiza chiyani? Nkhalamba zimene zidagwidwa zili m'tulo zidanena mawu oipa ati? Pakuti sangathe kutenga theka lokoma la chiphunzitso chawo nasiya linalo. Akati wolemera adadziganizira chuma chake, anenanso kuti wamasiye wa ku Michesi adadziganizira umasiye wake. Abwenzi a Yobu adanena zofanana ndi izi, ndipo Mulungu adawadzudzula. Ambuye Yesu adatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu idawagwera, nakana kuti iwo adali ochimwa koposa anzawo. Pemphero ife tilikhulupirira. Koma wopemphera apempha kwa Wina amene ali ndi ufulu woyankha monga afuna, pamene chiphunzitso ichi chimuika munthu pa mpando wa Mlengi, ndipo zinthu zikamulephera chimsiya ndi mlandu wonse pamutu pake.

Choopsa chake sichithera pa mawu. Wodwala amene auzidwa kuti kutchula nthenda ndiko kuiitana adzachedwa kupita ku Holy Family kufikira nthendayo itakula. Bambo amene auzidwa kuti kuopa n'kusakhulupirira adzamva chenjezo la namondwe pa wailesi, nadzagoneka ana ake m'chigwa chomwecho. Chifukwa chake ndipempha akulu a mpingo: mlendo akaima pa guwa nati sayansi yatsimikiza, mumfunse dzina la katswiriyo, ndi chaka, ndi chimene adayesa. Akakanika, mupite naye kuminda ya m'tsinde mwa phiri, kumene miyala ina yaikulu ngati nyumba ikali pomwe madzi adaisiya, ndipo mumpemphe asunthe umodzi ndi maganizo ake eni minda akupenya.