Musamulande mwana mahediseti, khalani naye pansi muwatchune bwino

Lero tikambirane za makutu a ana athu. Ndikudziwa kuti ena simugwirizana nane poyamba, koma mundimvetsere kaye mpaka kumapeto.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina kuchipatala ndi mnyamata wake wa Fomu 2. Dandaulo linali lakuti mwanayo wayamba mwano. Akamuitana sayankha, akamutuma sopo amabwera ndi mchere. "Anesi, ndakalipa ndatopa. Kaya wayamba chamba, kaya n'chiyani," anatero mayiwo. Mnyamatayo anangoti zyoli. Nditamufunsa payekha anandiuza kuti usiku m'makutu mwake mumalira kuti ziii ngati nyenje, ndipo m'kalasi anzake akamalongolola, mawu a aphunzitsi amawamva koma sawagwira. M'thumba mwake munali mahediseti ogula pamsika, kalabala ka mbali imodzi katatayika. Ndinamuuza kuti ayatse nyimbo monga amamvera masiku onse. Nyimboyo ndinaimva bwinobwino ine ndili tsidya lina la tebulo.

Mayi aja atamva, anati, "Basi, ndikawaponya m'chimbudzi lero lomwe." Ndinawaletsa, ndipo inunso ndikukuletsani.

Mukamulanda, mawa agwira ganyu n'kukagula ena pa Kamwendo kapena pa Boma, kapena abwereka kwa mnzake, n'kumamvera mobisa kumene inu simungaone. Komanso tisaiwale kuti mahediseti si a nyimbo zokha. Mafoni ambiri sagwira wailesi popanda chingwe chija, chifukwa ndicho chimagwira ntchito ya eliyo. Ambiri a ife timamvera Mudzi Wathu kapena MBC kudzera momwemo tili kumunda. Ana ena amamvera maphunziro amene aphunzitsi atumiza pa WhatsApp. Chipangizocho chilibe mlandu. Chowononga khutu ndi kukwera kwa mawu ndi kutalika kwa nthawi imene munthu akumvera.

M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. Mmenemo muli titsitsi ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, pafupifupi 15,000 khutu lililonse. Mawu akalowa, titsitsiti timagwedezeka n'kutumiza uthenga ku ubongo. Phokoso lalikulu limatigwetsa ngati mmene mphepo yamkuntho imagwetsera chimanga. Kukawomba kamodzi, chimanga chimadzukanso, n'chifukwa chake mukachokera ku ukwati kumene kunali masipika akuluakulu, makutu amalira usiku umodzi n'kusiya. Koma zikamachitika tsiku ndi tsiku titsitsi tija timafa, ndipo tikafa sitimeranso. Palibe jakisoni, palibe mankhwala odontheza, palibe sing'anga amene angatidzutse. Madzi akatayika saoleka.

Kukwera kwa mawu amakuyeza ndi muyezo wotchedwa desibelo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu angamvere mawu a madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda chiopsezo, ndipo kwa ana muyezo wake ndi madesibelo 75. Mawuwo akakwera kufika pa 90, nthawi yotetezeka imatsika kufika maola 4 okha pa sabata. Pa 100 ndi mphindi 20 basi, sabata yonse. Foni yotsegulidwa mpaka kumapeto, pa mahediseti ambiri, imatha kufika pamenepo. Bungwe lomweli limati achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lapansi ali pachiopsezo chowononga makutu awo chifukwa cha kamvedwe kotere, ndipo mu 2019 linatulutsa malangizo opita kwa makampani opanga mafoni pa nkhani imeneyi.

Tsono funso limene tiyenera kudzifunsa ndi ili: n'chifukwa chiyani mwana amakweza volyumu chonchi? Sikuti amafuna kugontha ayi. Nthawi zambiri amakweza chifukwa nyimbo sikumveka bwino. Mahediseti sakukhala bwino m'khutu, phokoso la panja likulowa, bezi imene akuifuna ikuthawira kunja, ndiye amangodina batani lokweza. Mukakonza kamvekedwe, chifukwa chokwezera chimachepa. Apa ndi pamene inu makolo mungathandize, ndipo sizilira ndalama zambiri.

Yambani ndi tilabala tolowa m'khutu. Mahediseti ambiri amabwera ndi tilabala tamitundu itatu, tating'ono, tapakati ndi tatikulu, koma anthu amataya tiwiri pamodzi ndi katoni. Kalabala kakachepa, mpweya umadutsa m'mbali ndipo bezi imasowa. Mwana ayese tonse, asankhe kamene kakutseka bwino popanda kupweteka, ndipo musadabwe khutu lina likafuna kakakulu kuposa linzake. Mudzaona kuti kalabala koyenera kakakhala, nyimbo yomweyo imamveka yodzaza pa volyumu yotsika. Kakatayika, funsani kwa okonza mafoni, ambiri amakhala nato. Musalowetse m'khutu kapaipi kopanda labala, chifukwa kamakanda khungu la m'kati n'kuyambitsa chilonda.

Chachiwiri, yang'anani kasefa kakumapeto kumene kumatulukira mawu. Kawirikawiri kamatsekeka ndi phula la m'khutu ndi fumbi, mawu n'kumamveka ngati akuchokera m'mtsuko. Vulani kalabala, mukatsuke ndi sopo ndi madzi, kaume kotheratu. Kasefa kaja mukapukute ndi mswachi wakale wouma, mutakazondotsa kuti litsiro ligwere pansi. Musathire madzi m'kati. Anthu ambiri amaganiza kuti mahediseti atha, pamene angotsekeka.

Chachitatu ndi cha amene ali ndi mahediseti akuluakulu ophimba khutu lonse. Siponji yake ikang'ambika kapena kuphwa, phokoso la panja limalowa ndipo bezi imathawa. Dulani siponji yofewa mozungulira, pakati pakhale bowo, atelala akusokereni kansalu kophimba. Ngati mawu ake akulasa m'khutu, kansalu kopyapyala kamodzi koyalidwa pamwamba pa kasipika kamafewetsa kulasako. Zimenezi ndi za pa chipangizo, osati za m'khutu. Ndaonapo ana atapana thonje kapena pepala m'khutu kuti mahediseti agwire. Zimenezo zimatsalira m'kati, zimakankhira phula pansi, ndipo mapeto ake ndi mafinya. Kanthu kakatsalira m'khutu musakatokose ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga, bwerani kuchipatala.

Tsopano tibwere pa foni. Anyamata athu amaidziwa bwino ikwalaiza, inu muwauze akuonetseni. Imapezeka mu Settings pansi pa Sound, kapena m'pulogalamu yoimbira nyimbo, ndipo imaoneka ngati timizere toima tokhala ndi tomakweza ndi kutsitsa. Pa mafoni ambiri a Android timizereti timakhala tisanu, tolembedwa 60, 230, 910, 3.6k ndi 14k. Takumanzere ndi ta mawu okhuthala ngati a ng'oma yaikulu. Tapakati ndi pamene pali mawu a munthu. Takumanja ndi ta mawu oonda ngati a chisekese kapena likhweru.

Chimene ana ambiri amachita ndi kukankhira timizere tonse pamwamba n'kuyatsanso Bass Boost. Kasipika kakang'ono ka mahediseti otchipa sikangakwanitse, kamayamba kusasa, mawu a woimba amamira, ndiye mwana amakwezanso volyumu kuti awamve. Njira yabwino ndi yotsitsa chimene chikusokoneza m'malo mokweza chimene chikusowa. Bwezerani timizere tonse pakati, pamene pamalembedwa Flat kapena Normal, ndipo zimitsani Bass Boost. Tsitsani volyumu kufika theka. Ngati nyimbo ikulasa, tsitsani pang'ono 3.6k ndi 14k. Ngati ikumveka ngati muli m'thumba, tsitsani pang'ono 230. Mwana akaumirira bezi, akweze 60 sitepe imodzi kapena ziwiri, osapitirira. Pomvera ulaliki, nkhani kapena maphunziro, tsitsani 60 ndi 230, mudzamva mawu a wolankhula akutuluka bwino popanda kukweza.

Kamzere ka 3.6k kaja ndikufuna mukasamale mwapadera. Phokoso likayamba kuwononga khutu, limayambira pa mawu a msinkhu umenewo, ndipo ndi pamene pali timawu tosiyanitsa monga s, f ndi ts. N'chifukwa chake mnyamata uja amamva kuti amayi ake alankhula, koma osagwira kuti anena chiyani. Sunali mwano.

Koma ndisakunamizeni, ikwalaiza si mankhwala. Nyimbo yokoma ikakwera kwambiri imawononga chimodzimodzi. Phindu la kutchuna ndi lakuti mwana akhutire pa volyumu yotsika. WHO imalangiza kuti volyumu isapitirire magawo 60 pa 100. Foni ikalemba chenjezo lakuti mukukweza kwambiri, chenjezolo ndi loona, mwana asamangodina kuvomera. Mafoni ena, monga a Samsung, ali ndi poikira malire a volyumu potchedwa Media volume limit, ndipo kholo likhoza kutsekapo ndi nambala yachinsinsi. Makutu amafunanso kupuma. Ola likatha, mwana avule kwa mphindi zingapo, ndipo asagone nawo mpaka m'mawa. Muyezo wa pakhomo ndi uwu: imani pa mtunda wa mkono umodzi n'kumulankhula ndi mawu a masiku onse. Akapanda kumva, kapena inu mukamamva nyimbo yake, yakwera kwambiri.

Wina anena kuti, "Anesi, mukuti atseke bwino makutu, nanga pamsewu?" Mwanena zoona, ndipo pamenepo sindinyengerera. Msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe umadutsa mathiraki opita kumalire a Mwami ndi ku Chipata usana ndi usiku. Mnyamata wa kabaza, wa njinga yakapalasa kapena yamoto, asavale mahediseti ali pamsewu, ngakhalenso mwana woyenda pansi m'mbali mwa msewu popita kusukulu. Hutala imene sanaimve sadzaimvanso. Chimodzimodzi amene mumagwira ntchito pachigayo. Injini ija payokha ndi phokoso lowononga kale, ndiye kuyatsa nyimbo kuti ipose chigayo ndi kumenya khutu kawiri. Pamenepo pamafunika zotsekera makutu zenizeni, nyimbo mukamvere kunyumba.

Palinso za ukhondo. Tilabala tolowa m'khutu si tobwerekana. Mwana amene khutu lake likutuluka mafinya, likuyabwa kapena likupweteka asalowetsemo chilichonse mpaka atachira. Ana aang'ono osafika posankha okha musawasiyire foni ndi mahediseti kuti asiye kulira, ayatsireni pa sipika motsitsa. Mbali imodzi ikafa, ana amakonda kukweza kwambiri mbali yotsalayo chifukwa zida zina za nyimbo zasowa. Mu Settings, pa Accessibility, pali Mono audio imene imasonkhanitsa mawu onse mbali imodzi, ndipo imathandiza podikira kukonza chingwe.

Bwerani kuchipatala ngati m'khutu mukulira masiku angapo osasiya, ngati mwana amangoti "mwati bwanji?" kawirikawiri, ngati amakweza wailesi kuposa anzake, kapena ngati khutu likutuluka mafinya. Khutu likasiya kumva mwadzidzidzi, musadikire mawa. Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku Mkanda, Kapiri, Ludzi, Guilleme kapena chipatala chachikulu pa Boma. Nthawi zina vuto limakhala phula chabe, ndipo limachotsedwa tsiku lomwelo. Pakafunika kuyeza ndi makina, odwala amatumizidwa ku Lilongwe, ku Kamuzu Central Hospital kapena ku ABC Hearing Clinic ku Area 47.

Mnyamata uja tinamupeza ndi phula lambiri khutu limodzi, tinalichotsa, n'kumulembera kalata yokayezetsa ku Lilongwe chifukwa cha kulira kuja. Asanatuluke tinakhala atatu pa benchi, iye akutsitsa timizere ta ikwalaiza, amayi ake akumvera khutu limodzi. Anati, "Amayi, chonchi ikumvekanso bwino." Mayiwo anaseka koyamba tsiku limenelo.

Chaka chilichonse pa 3 Malichi dziko lapansi limakumbukira tsiku la kumva, koma inu musadikire tsikulo. Madzulo ano mukatha kudya nsima, itanani mwana wanu abwere ndi foni ndi mahediseti ake. Musayambe ndi kukalipa. Muuzeni akuonetseni nyimbo imene amaikonda, muimvere limodzi, muone tilabala, muone kasefa, muone pamene volyumu yaima. Mukapeza zachilendo, lembani m'munsimu ndikuyankhani, ndipo uthengawu mugawireko amayi anzanu a kumpingo ndi a ku banki m'khonde.