Usipa Tigulitsa, Buledi Tigula (Gawo Lachiŵiri)

Sabata yatha m'danga lino tinakamba za malipiro a mphunzitsi ndi momwe amathera mwezi usanafike pakati. Lero tiloŵe m'khitchini, pakuti ndimo muthera gawo lalikulu la ndalamazo. Ndikulemba ndili ku Sanga, m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, kumene munthu akaima pamchenga m'mamaŵa amaona mabwato akukocheza ndi usipa, ndipo akatembenuka amaona minda ya chinangwa yobiriŵira. Mlendo angaganize kuti kuno kulibe mwana wogona m'kalasi chifukwa cha njala. Alipo, ndipo ena a iwo ndimaŵaphunzitsa ine.

Tsiku lina mtsikana wa Fomu 2, wanzeru zake ndithu, anayamba kusinza nthaŵi isanakwane 10 koloko. Nditamufunsa chimene anadya, anati m'maŵa anamwa tiyi wopanda mkaka ndi sikono imodzi, ndipo chadzulo lake anadya kondowole ndi msuzi wokha. Bambo ake ndi msodzi. Usiku umenewo anapha usipa wambiri, naugulitsa wonse kwa amalonda opita ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, nabwera kunyumba ndi shuga, buledi ndi botolo la chakumwa chozizira. Tsiku limenelo m'nyumbamo munaloŵa ndalama, koma m'thupi la mwanayo simunaloŵe kanthu komanga thupi.

Sindikukana umphaŵi. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Aliyense wogula mafuta ophikira adziŵa chimene chinatsatira. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno, 37 anali opinimbira. Komabe ndinena mosabisa kuti gawo lina la vutoli timadzipangira tokha, ndipo otsogolera kulakwaku ndi ife ophunzirafe. Tikangolandira setifiketi timayamba kuchita manyazi ndi chigwada, ngati kuti masamba a chinangwa ndi ndiwo za munthu wolephera mayeso.

Taganizirani za kondowole. Ndi chakudya chathu ndipo sindilola munthu kuchinyoza: chinangwa chimapirira chilala, chimakhala m'munda kufikira tsiku lochifuna, ndipo chimakhutitsa. Koma mu ufa wake zomanga thupi zilimo pang'ono kwambiri, gawo limodzi kapena aŵiri pa 100, pamene m'chimanga muli magawo 8 kapena 9. Tsono munthu wa kunyanja ayenera kusamala za ndiwo koposa mnzake wa ku Kasungu. Chodabwitsa n'chakuti chimene chisoŵa mu muzu chili m'masamba a mtengo womwewo. Chigwada chosinjidwa bwino, chophikidwa mpaka kupsa ndi kutenderedwa ndi nsinjiro, ndi ndiwo zomanga thupi ndi zowonjezera magazi, ndipo kwa mwini munda mtengo wake ndi mphamvu ya pamtondo basi. Chenjezo langa ndi limodzi: njala isakufulumizitseni kuvuula chinangwa choŵaŵa chisanavunde bwino m'madzi. Mu 1981 m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, chaka cha chilala, anthu oposa 1,000 anapuwala miyendo ndi nthenda ya konzo chifukwa chodya chinangwa chosakonzedwa mokwanira.

Nanga ndalama ya sabata tiigaŵe bwanji? Mitengo ya pamsika wa Mpamba kapena wa Chintheche imasintha msanga, choncho ine sindiŵerenga makwacha. Ndimagaŵa ndalamayo m'milu khumi patebulo. Milu inayi ipita ku ufa, ndipo ndimasakaniza wa chinangwa ndi mgaiwa. Iŵiri ipita ku usipa wouma. Umodzi ku nyemba ndi mtedza, wina ku mafuta ndi mchere wa ayodini, wina ku matimati, masamba ndi zipatso za nyengoyo. Wotsalawo ndiwo wa shuga ndi tiyi, ndipo ukatha watha. Amene ali ndi munda wake wa chinangwa ali ndi mwayi, pakuti milu inayi ija angagulire mazira ndi kusunga ina.

Za usipa ndinene zambiri. Kansomba aka timadya ndi mutu ndi minga yomwe, ndipo m'menemo ndimo muli mchere wolimbitsa mafupa umene wodya mnofu wa chambo saupeza. Mbale imodzi ya usipa imadyetsa banja masiku angapo pa mtengo umene chambo chimodzi chikanathera pa mgonero umodzi. Kugula kwake kufunanso nzeru. Asodzi amakopa usipa usiku ndi nyali, choncho mwezi ukaŵala kwambiri amapha wochepa, ndipo mwera ukamaomba m'miyezi yozizira mabwato amagona pamtunda. Gulani wambiri mwezi uli mumdima ndi nyanja ili bata, muuyanike bwino, musunge pouma. Wogula kamulu kamodzi tsiku ndi tsiku amalipira koposa, ngakhale iye amaona ngati akusunga ndalama.

Chakudya cha m'maŵa ndicho chimatiba kwambiri. Buledi amatha lero lomwe ndipo njala imabweranso belu la buleki lisanalire. Mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kaphulira kapena Kadyaubwerere, ili ndi vitamini A wothandiza maso ndi woteteza thupi ku matenda. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro limamusunga mwana mpaka masana. Tiyi sindimuda, ndife anansi a minda ya Kawalazi, koma akamwedwa pamodzi ndi chakudya amalepheretsa thupi kutenga bwino mchere wopanga magazi wa m'masamba ndi m'nyemba, pamene gwafa, lalanje kapena madontho a ndimu amathandiza. Nthochi zathu zambiri zinatha ndi matenda a chisaka, koma mapapaya alipo, ndipo mango timaŵaponda ndi mapazi mu Disembala pamene tikugulira ana zakumwa za utoto.

Mnzanga wina m'chipinda cha aphunzitsi anandinena kuti ndimalankhula ngati munthu amene sanagulepo nkhuni. Ali ndi mfundo: nyemba zimadya moto. Koma zikaviikidwa usiku wonse zimapsa msanga, ndipo mbaula yadothi ya changu changu moto, imene yafala m'midzi ya kuno, imafuna nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu. Amene ali m'nyumba ya lendi adzale bonongwe ndi nkhwani kuseri kwa nyumba. Madzi otsukira mbale aŵakwanira.

Chovuta koposa nkhuni ndi mwambo wa pamphasa. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa, ophunzira anga amaŵaloŵeza nakhoza nawo mayeso, koma kunyumba nsomba imapita m'mbale ya abambo, ana natsala ndi msuzi. Munthu wamkulu anamaliza kukula; amene akumanga mafupa ndi ubongo ndi mwanayo. Inu otsiriza sukulu, amene posachedwa mugwira ndalama yanu yoyamba, mbale imeneyo idzakhala yanu.

Bambo a mtsikana uja ndinakaŵapeza akusoka ukonde pansi pa mtengo. Ndinalankhula mwaulemu monga mwana wawo, ndipo anandimvera mpaka kumapeto. Kenaka anayankha m'Chitonga mawu amene ndingamasulire motere: "Aphunzitsi, ine ndimagula buledi kuti mwana wanga asaoneke wosauka pakati pa anzake." Ndinasoŵa choyankha msanga, pakuti chikondi chinalipo. Tinagwirizana kuti asanaitane amalonda azipatula mbale imodzi ya usipa ya panyumba. Masiku ena amatero, masiku ena ngongole ya mafuta a injini imatenga zonse.

Sabata ya maŵa tidzaona za kabuku ka ngongole ka m'golosale, ndi momwe kamadyera malipiro asanafike.