ZA GALIMOTO: Kacitsulo Kotsala M'citini

Abale anga, ambiri a inu mulikukonza magalimoto anu kuti mupite kumudzi pa tchuthi. Cifukwa cace tamvani zimene ndinaona Loweruka lapitali.

Kuno ku mgodi kuli bambo wina wacikulire, kapitao wa pansi, amene ali ndi galimoto yakale ya Morris Minor 1000, mtundu umene unayamba kupangidwa m'caka ca 1956. Iwo ndi mlamu wao anamasula injini yonse, naika maringi ndi mabering'i atsopano. Ndalama za miyezi itatu zinathera pomwepo. Atatha kumanga, ndinapita kukathandiza kutola masipanala, ndipo potaya parafini amene anatsukira zitsulo ndinapeza kacitsulo pansi pa citini. Kanali konga kacikho, kosafika kukula kwa cala, kosongoka pang'ono mbali imodzi ndi kobooka mbali yina.

Mlamu uja anati, "Taya, mwanawe, injini iri yonse imatsala ndi kanthu." Ine ndine kalaliki cabe, koma nchito yanga yandiphunzitsa kuti cinthu cikatsala pa kaundula, ndiye kuti pena pace pali polakwa. Ndinati, "Bambo, musalize injini kufikira titadziwa kwao kwa kacitsulo aka."

Tinakapukuta ndi kukayang'ana. Kumphuno kwace kunali mzere wonyezimira, kusonyeza kuti kamatseka dzenje lina. Tinatsegula buku la galimotoyo, ndipo pa cithunzi ca njira za oilo tinakapeza. Ndi valavu imene imasunga mphamvu ya oilo. Malo ace ndi m'mbali mwa injini cakumbuyo, pansi pa nati yaikuru ya mutu wobulungira. Sipuling'i imakakankha kuti katseke njira yobwerera ku sampu, ndipo kamatseguka pokha-pokha mphamvu ikafika ngati mapaundi 60. Popanda iko, oilo amangobwerera pansi osafika bwino ku mabering'i, ndipo mabering'i atsopanowo akadapsa asanaturuke n'komwe m'tauni.

Titamasula nati ija tinapezamo sipuling'i yokha. Tinapaka kacitsuloko oilo, tinakalowetsa kuyambira kosongoka, sipuling'i m'dzenje lace, ndi kumanga nati pamodzi ndi mawashala ace, tikukankha kolimba. Kenaka tinacotsa mapulagi ndi kuzunguza injini ndi sitata kufikira nyale ya oilo inazima. Pamenepo tinabwezera mapulagi ndi kuiliza. Bambo aja sananene zambiri, koma Lamulungu ananditumizira nkhuku.

Tsono abale, pomasula injini ikani zitsulo za malo amodzi m'citini cao-cao, ndipo lembani dzina pa citinipo. Mukatha, khuthulani zitini zonse musanagwire kiyi. Amene anapanga injini sanaikemo citsulo copanda nchito. Ngati buku mulibe, tengani kacitsuloko mukafunse makaniko a ku shopu. Akuru anati safunsa anadya phula.

Sabata la mawa tidzakamba za mabuleki. Tsalani bwino.